Phazi Lotsalalo

Lolemba, 6 Julaye 1998. Chipatala cha ku Shivamogga, wodi ya amuna, bedi 9

Anandigoneka dzulo masana. Vishala, mkazi wanga, wandibweretsera kope la masamu lomwe linatsala m'kabati nditapuma pa uphunzitsi, akuti ndizilembamo zonse zomwe adokotala akunena, chifukwa ine ndimangomva zondikomera. Ndiye nazi. Shuga 412. Kutentha kwa thupi 102, pomwe kwabwino ndi 98. Zala ziwiri za phazi lakumanzere zada bii. Insulini katatu patsiku, diripi, mankhwala a chilonda m'mawa ndi madzulo.

Chiyambi chake n'chochititsa manyazi. Masabata atatu apitawa ndinaponda msomali potsikira kumtsinje wa Tunga kukasamba, ndipo sindinamve kanthu, poti mapazi angawa anasiya kumva kalekale. Zaka khumi ndi ziwiri tsopano Vishala wakhala akundiyang'ana mapazi m'mawa uliwonse ndisanalawe khofi. Amakhala pansi, kuika phazi pamiyendo pake, kulitembenuza, kusuzumira pakati pa zala zonse, kenako amati, “Kuli bwino lero.” Ine maso anga amaona chokhacho chomwe chayandikira mphuno, msananso sulola kuwerama. Koma sabata imeneyo iye anali ku Sagara kwa mlongo wake. Atabwerako ndinavala masokosi masiku anayi ndikunama kuti ndikumva kuzizira, chifukwa ndinali nditaona magazi pamkeka ndipo ndinkaopa pakamwa pake. Fungo ndi lomwe linandiulula.

Lachiwiri, 7 Julaye

Dokotala Shenoy ndi wachinyamata, msinkhu wa ana omwe ndinkawakwapula chifukwa cha masamu. Wandibaya ndi singano kuyambira kuchala mpaka pabondo, uku akufunsa ngati ndikumva. Ndamuuza kuti asavutike mtima, ine sindine thupili. Sanaseke. Wangolemba zake, n'kunena kuti zala ziwirizo zichoka mawa.

Sindinkacheza ayi. Lamlungu lililonse masana ndimakhala pakhonde la kachisi ndi madala khumi ndi mmodzi, kuwaphunzitsa zomwe aphunzitsi athu akale anatisiyira: kuti kulibe ziwiri. Chomwe chikuyang'ana kudzera m'maso mwanga ndi chomwecho chikuyang'ana kudzera m'maso mwa galu, ndi chomwecho chagwirizira nyenyezi. Timachitcha Brahman, ndipo munthu akadzidziwa bwinobwino amapeza kuti iye ndi chomwecho. Thupi ndi mphika chabe. Mphika ukasweka, mpata wa m'kati mwake supita kulikonse, unali umodzi ndi mpata wakunja kuyambira kale. Ndaphunzitsa zimenezi zaka makumi awiri ndipo palibe anandigonjetsapo pamtsutso.

Pabedi 10 pali a Pranesha, kondakitala wa basi wopuma, anathyoka chiuno ataterereka kubafa. Iwo ndi a gulu lija limati Mulungu ndi Mulungu, munthu ndi wantchito wake mpaka muyaya. Anamva zomwe ndinauza dokotala, ndipo Vishala atangotsegula fulasiki anatambasula dzanja.

“Aphunzitsi, popeza inu ndi ine ndife amodzi, khofiyo ndimwe ine. Mumva kukoma komweko.”

Vishala anaseka mpaka kubisa nkhope ndi nsalu yake. Anawathirira theka.

Lachitatu, 8 Julaye

Zala ziwiri zachoka. Shuga 340. Ndasanza phala la mpunga. Mvula sinakate chiyambire m'mawa.

Lachisanu, 10 Julaye

Ndinkanyadira kuti phazi silimva. Lero ndadziwa kuti ululu unangosamukira m'mwamba. Sisitala Philomena, namwino wamkulu wa wodi ino, amatsuka chilonda nthawi ya 10 koloko, ndipo amakumba mpaka pomwe pali nyama yamoyo. Ndinali nditakonzeka. Ndinatseka maso n'kudziuza kuti ndine mboni chabe, ndikungoonerera ululu ukudutsa. Mboniyo inapirira mwina mphindi imodzi.

Atachoka Sisitala, a Pranesha anadikira kuti ndipume kaye, kenako anafunsa mwaulemu wonse kuti amene amakuwa uja anali mphika kapena mpata. Anatinso ankayembekezera kumva dzina lalikulu la Brahman, koma wodi yonse yangomva “Vishala, Vishala.” Iye anali atapita kukagula mabandeji. Ndawapempha a Kondakitala kuti asamuuze, angayambe matama.

Lamlungu, 12 Julaye

Madala anga abwera asanu ndi awiri, atanyamula nthochi zomwe sindiloledwa kudya. A Pranesha atithandiza nazo. Ndinawaphunzitsa nditagona, pafupifupi theka la ola, ndipo mawu ankatuluka osalala ngati kale. Munthu akakhala ndi omumvera, ngakhale ululu umachita manyazi.

A Sheshagiri, mkulu wa gululo, anandinong'oneza kuti a Swami, mmonke wamkulu wokalamba, ali kunyumba ya amonke ya m'mbali mwa mtsinje, akhala komweko miyezi yonse ya mvula. Anawonjeza kuti munthu wodziwa ngati ine sayenera kufa atavala zoyera ngati wina aliyense. Ndinawakalipira kuti ndani wanena za kufa. Koma mawuwo anatsala nane.

Shuga 298. Kutentha 101.

Lachiwiri, 14 Julaye

Kuola kwadutsa pakakolo. Ndikudzimva ndekha fungo. Nambala ya impso 3.1, akuti yabwino imakhala 1. Dokotala akufuna kudula mwendo m'munsi mwa bondo, koma magazi akuthamanga motsika kwambiri, akuti ndikhoza kutsalira patebulo. Tidikire mankhwala agwire. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Ndilembe bwino zomwe ndaganiza. Munthu wofuna kusiya dziko n'kukhala mmonke amakonzekera zaka, mwambo wake umatenga masiku. Koma pali khomo lachidule la amene ali pafupi kufa. Mmonke amabwera pabedi, wodwala amanena katatu kuti wasiya zonse, amamudula tsumba la tsitsi, amamuvula ulusi wopatulika wa paphewa, amamufunditsa nsalu yofiirira, basi. Kuyambira pamenepo alibe nyumba, alibe mtundu, alibe mkazi. Akamwalira samuwotcha, amamukwirira atakhala tsonga, ndipo safuna mwana woti amuyatsire moto. Amati wofa chotero sabadwanso. Chofunika ndi chimodzi: mkazi avomere.

Ndamuuza Vishala madzulo ano. Ankaziziritsa khofi wanga wopanda shuga uja, kumuthira m'kapu iyi n'kubwezera m'inzake, monga achitira masiku onse. Sanatayeko ngakhale dontho. Anangoti, “Inu, imwani kaye, azizira.”

Lachitatu, 15 Julaye

Ndafunsanso. Ndinafotokoza mwadongosolo, mfundo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ngati ndili kutsogolo kwa kalasi. Anamvetsera akupinda matawulo. Nditamaliza anakhala pampando n'kundiyang'ana.

“Zaka makumi anayi ndi zinayi sindinakukanizeni kanthu. Mabuku munadzaza nawo nyumba, ndinalola. Malamlungu anga onse munapatsa madala aja, ndinalola. Ichi chokha ndisiyireni. Ngati n'kufa, mufe muli amuna anga.”

Ndikanakhala chete. Koma ine ndi munthu amene sagonja pamtsutso. Ndinamuuza kuti mwamuna ndi mkazi ndi maloto chabe, ndipo pambuyo pake ndinafunsa kuti nanga adzandiyatsira moto ndani, popeza m'nyumba mwathu mwana sanaliremo. Nkhani imeneyi tinaikwirira zaka makumi atatu zapitazo, ndipo ndinalumbira kuti sindidzaifukula. Anaimirira, kukonza bulangete langa kumapazi, n'kutuluka. A Pranesha anatembenukira kukhoma.

Ndadzida lero.

Lachinayi, 16 Julaye

Kutentha 104. Mkodzo sunadzaze kapu tsiku lonse. Impso 4.6. Vishala wabwera monga mwa masiku onse. Wayang'ana phazi lakumanja. Akuti kuli bwino.

Lachisanu, 17 Julaye

Dokotala waitanira Vishala pakhonde. Achedwa. Wabwera atasamba kumaso.

Mphika, mpata, mboni, ndikuzitchula koma sizikugwira. Ndikuopa.

Lachisanu, 24 Julaye

Sabata yathunthu osalemba. Ndili moyo. Ndilembe mwa ndondomeko ndisanaiwale, ngakhale ndikanakonda kuiwala.

Tsiku lija pakhonde, dokotala anauza Vishala kuti aitane abale, kwatsala masiku awiri akachuluka. Loweruka m'mawa iye anapita yekha m'mvula kunyumba ya amonke, n'kubwera ndi a Swami nthawi ya 9 koloko. Sisitala Philomena anatchinga bedi ndi makatani. A Swami ndi nkhalamba yowonda, ya mano atatu, yoyankhula motsitsa. Anamufunsa Vishala katatu ngati akundipereka ndi mtima wake, ndipo katatu konse anavomera akuyang'ana pansi. Kenako anawerama pakhutu langa.

“Mwana wanga, chitseko ichi chili ndi chogwirira mbali imodzi yokha. Mukachira, kunyumba simubwerera. Mwamva?”

Ndinavomera ndi mutu. Ndani amaganiza za kuchira impso zili pa 5?

Anandithira madzi m'dzanja. Ndinanena katatu kuti ndasiya zonse, n'kulonjeza kuti chamoyo chilichonse chisadzandiopenso. Tsumba analidula ndi sizasi ya Sisitala yodulira mabandeji. Ulusi wa munthu wokwatira umakhala wowirikiza, umodzi wa unyamata wake, wina womwe anamuveka tsiku la ukwati. Wonsewo anauvula pamodzi n'kuuika m'kambale kachitsulo. Umayenera kuponyedwa m'madzi oyenda, ndiye Vishala anaukulunga pansonga ya nsalu yake kupita nawo ku Tunga. Anandipatsanso dzina latsopano lomwe sindinalizolowere. Papepala la kumapazi kwa bedi pakadali dzina langa lakale, Chidambara.

Lamlungu ndinapempha madzi akumwa. Magazi anayamba kukwera. Dokotala akuti ndi mankhwala atsopano omwe anaitanitsa ku Bengaluru. Lolemba ananditengera ku fiyeta n'kudula mwendo m'munsi mwa bondo. Lero kutentha 99, impso 1.9, shuga 210. Dokotala wandigwira paphewa akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso, akuti ndabwerera kuchokera kutali. Sakudziwa kuti ndilibe kobwerera.

Loweruka, 25 Julaye

Vishala amabwerabe m'mawa ndi masana. Amaima kumapazi kwa bedi, patali pang'ono, manja atawagwirizanitsa. Mkazi sakhudza mmonke. Khofi amamuziziritsa monga kale, koma kapu amaiika pakatebulo n'kubwerera m'mbuyo, ine ndiitenge ndekha. Amanditcha “a Swami,” dzina laulemu la amonke. Ine ndiyenera kumutcha “amayi,” monga mmonke atchulira mkazi aliyense, ndipo akandigwadira ndiyenera kuyankha ndi dzina la Mulungu lokha, “Narayana.” Ndayesa kunena “amayi” lero, lilime linakana, ndinangotsokomola.

Mkanda wake wa ukwati ukadali m'khosi, kadontho kofiira kakadali pachipumi, poti mwamuna wake sanafe. Koma mwamuna alibe. Azimayi odikirira odwala m'wodi muno amamuyang'ana osadziwa ngati amupepese kapena amuyamikire.

Phazi lakumanja akuliyang'ana ndi Sisitala. Amachita msangamsanga, ali ndi mabedi makumi awiri. Ndinaona Vishala akutsatira ndi maso, khosi atalitalikitsa.

Lolemba, 27 Julaye

A Pranesha asiya kundiseka, ndipo zimenezi zikundiwawa kuposa nthabwala zawo. Mkazi wawo atawabweretsera chakudya cha mawere, a Pranesha anakankha mbale n'kutembenukira kwa ine.

“Aphunzitsi, kaya a Swami, kaya ndani. Munthu wotentha 104 amalumbira? Nenani kuti mutu sunali bwino. Ine ndikhala mboni, ndinali pompano. Ndinama m'malo mwanu, Mulungu wanga amakhululuka, si wanu uja wopanda makutu.”

Ndinawauza zoona. Mutu unali bwino. Ndikukumbuka ngakhale kuzizira kwa sizasi pankhongo. Ndipo ndilembe muno chomwe sindinawauze: sindinasiye dziko chifukwa ndinadziwa Brahman. Ndinalisiya chifukwa ndinachita mantha. Zaka makumi awiri za maphunziro sizinandigwire dzanja Lachisanu lija, ndiye ndinafuna nsalu yofiirira indiwolotse pomwe nzeru zanga zinalephera. Iwo anazindikira okha. Akuti pa ntchito yawo anaonapo ambiri odumphira basi ikuyenda chifukwa choopa kutsalira, osafunsa kuti ikupita kuti.

Shuga 186. Ndakhala tsonga mphindi makumi awiri. Mwendo womwe kulibe ukuyabwa kuchala chachikulu.

Lachitatu, 29 Julaye

A Swami abwera kudzandiona. Akuti chipinda chakonzedwa, chapansi, chifukwa cha mwendo, ndipo ndikalimba tidzamaliza mwambo wonse monga zimakhalira kwa wochira. Ndinazungulirazungulira, kenako ndinafunsa ngati pali aliyense anabwererapo kwawo.

Sanakwiye. Anati alipo, ndipo palibe wapolisi amene adzandigwire. Koma madzi akatayika saoleka. Wobwerera amamutcha wodya masanzi ake. Wansembe saponda pakhomo pake, abale sadya m'mbale zake, ndipo chala chimaloza mkazi, kuti ndiye wakokera mmonke pamphasa. Kenako anandiyang'ana ndi maso awo onyowa aja.

“Ndamva kuti mumaphunzitsa bwino. Ngati kulibe ziwiri, nyumba yanu ndi nyumba yathu zasiyana pati? Mukulirira chiyani?”

Ndi funso langa lomwe. Ndinawafunsapo a Sheshagiri mkazi wawo atamwalira, ndipo tsiku limenelo ndinapita kunyumba ndikudziona wanzeru. Lero ndinangofunsa kuti kumeneko kuli amonke angati. Alipo asanu, wamng'ono ali ndi zaka 66 ndipo ali ndi ng'ala. Nditatchula za phazi, anakweza dzanja n'kunena kuti Narayana adzaona.

Lachisanu, 31 Julaye

Ndinaganiza masiku awiri, ndipo m'mawa uno ndinatsimikiza. Anene zomwe anganene. Vishala ataika kapu pakatebulo, ndinamutchula dzina lake, osati “amayi.” Anadzidzimuka ngati ndamumenya. Ndinamuuza kuti ndinalakwa, ndinamulakwira Lachitatu lija, ndinalakwiranso nsaluyi poivala ndi mantha. Ndinati akanditulutsa ndikupita kwathu, madala aseke, wansembe akhale kwawo. Ndinkayesa alira n'kuvomera.

“Ayi,” anatero.

Ndinayesa kuyankhula, anandidula, chinthu chomwe sanachitepo pamaso pa anthu.

“Ine zanu za chimodzi sindizidziwa, sindinakhalepo pakhonde lanu lija. Ndikudziwa zomwe ndinaona. Loweruka munali kufa. Ndinatenga ulusi wanu ndi dzanja langali, ndinalowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndinati, Mayi Tunga, nawu, mwamuna wanga ndapereka, koma munthuyo musiyeni apume. Lamlungu munapempha madzi.”

Ndinamuuza kuti anali mankhwala a ku Bengaluru. Ndinamuuza kuti Brahman sachita malonda, salandira ulusi kusinthanitsa ndi moyo, ndipo mtsinje ndi madzi basi. Ndinali ndi mfundo zabwino, zonse zoona. Anadikira ndimalize.

“Mwina ndi mankhwala. Nanga ngati si mankhwala? Imfa inabwera kufuna a Chidambara, amuna a Vishala, sinawapeze. Mukufuna ndiwabwezere pakhomo pomwe ikuwadziwa? Ndikudziwa kukhala ndekha. Kukuwotchani sindingathe.”

Anagwada patali pake paja, kugunditsa chipumi pansi, n'kudikira. Sanadzuke mpaka nditanena “Narayana.”

Moyo wanga wonse palibe anandigonjetsa pamtsutso. Lero ndagonja kwa munthu amene sanatsutse mfundo yanga ngakhale imodzi.

Lamlungu, 2 Ogasiti

Sindinadye. Madala anabwera, ndinanamizira kugona. Ndinamva a Sheshagiri akuuza anzawo kuti taonani mtendere uli pankhope pawo.

Lolemba, 3 Ogasiti

Andiphunzitsa kuyenda ndi ndodo ziwiri. Masitepe asanu ndi limodzi, kenako chizungulire. Chilonda cha pabondo chauma bwino, ulusi wosokera achotsa Lachitatu. Impso 1.4.

Dokotala Shenoy anakhala pabedi n'kunyamula phazi lakumanja ngati dzira. Anati ili ndi lomwe latsala, ndipo likapita ili sakulonjeza kanthu. Lisayende lopanda nsapato, lisakhale lonyowa, ndipo tsiku lililonse wina aziliyang'ana pansi ndi pakati pa zala. Zonsezi ankauza Vishala, monga madokotala achitira, iye n'kumavomera ndi mutu. Sisitala atamunong'oneza za nsalu yangayi, dokotala anasowa poyang'ana. Anati ndiye ndigule kalilole. Mmonke sadziyang'ana pakalilole, koma vuto lalikulu si limenelo. Maso anga safika kuphazi.

Vishala akupita ku Sagara kwa mlongo wake. Nyumba yathu ndi yalendi, ndipo mkazi wa mmonke kukhala yekha pafupi ndi nyumba ya amonke, anthu sangamusiye. Wandiuza ataima patali pake paja, ngati akuwerenga chidziwitso. Ku Sagara ndi maola awiri pabasi.

Lachiwiri, 4 Ogasiti

A Pranesha atuluka lero. Ana awo anawakweza pachikuku, koma anawaimitsa pabedi langa. Anati sanagwadirepo mmonke wa gulu lathu ndipo chiuno chawapulumutsa ku tchimo limenelo. Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu.

“Aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mulungu akanafuna chimodzi, bwenzi atakhala yekha.”

Ndinali ndi yankho la zimenezo, ndinaliphunzitsapo kambirimbiri. Sindinalinene. Pabedi 10 agonekapo munthu wa chifuwa amene sayankhula.

Lachinayi, 6 Ogasiti. Kunyumba ya amonke, masana

Tsamba lomaliza la kopeli.

Vishala anafika m'mawa ndi kathumba. Nsalu zinayi zofiirira, anazinyika yekha mu utoto, zikhadabo zake zikadali zofiira. Mankhwala anawamanga m'timapepala, ka m'mawa, ka masana, ka madzulo, atalemba zilembo zikuluzikulu zoti ndiziona. Nsapato imodzi yofewa, yotsegula kuzala. Kalilole wa chogwirira, uja ankapesera tsitsi. Zonse anaziika pabedi, osati m'manja mwanga.

Sisitala Philomena anandikankha pachikuku mpaka pakhonde lakutsogolo. Mvula inali itakata. Madala anga analipo onse khumi ndi mmodzi, atanyamula maluwa, ndi mmonke mmodzi wodzanditenga. Pachipata panaima timagalimoto tiwiri ta mawilo atatu, kena koyang'ana kumtsinje, kena kolowera kudepoti ya basi. Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa kuti kulibe ziwiri, ndipo ndinatiwerenga kangapo, tinali tiwiri ndithu.

Madala anandigwadira mmodzimmodzi, ine n'kumati Narayana, Narayana. Vishala anali womaliza. Anagwada pasimenti yonyowa, pafupi kuposa masiku onse, chipumi chake kutsala pang'ono kukhudza chala changa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimudalitse, koma ndinaona kuti mutu wake sunafike pansi. Unkasuntha pang'onopang'ono, kuchokera kuchala chachikulu kupita kuchaching'ono. Sankapemphera. Ankayang'ana phazi.

Pamwamba ankatha kuona, koma pansi pake panali pobisika, ndipo kulitembenuza sakanatha. Kwathu kuno kulozetsa munthu pansi pa phazi ndi chipongwe chachikulu, ngakhale mwana amamenyedwa nacho, nanji mmonke pamaso pa omugwadira. Ndinavula nsapato ija poikankha ndi ndodo, ndinagwira bondo ndi manja awiri, n'kukweza phazi mpaka linayang'anizana ndi nkhope yake. Ndinamva a Sheshagiri akukoka mpweya. Mwendo unkanjenjemera, koma ndinaugwira. Iye anayang'ana chidendene, pakati, m'munsi mwa zala, osafulumira, manja ake atawapanikiza pamawondo kuti angatambasuke okha.

“Pakati pa chaching'ono ndi chinzake muziumitsa bwino mukasamba,” anatero motsitsa. “Kuli bwino lero.”

Ndinati Narayana. Mawu ena sindiloledwa. Anadzuka, kukonza nsalu yake, n'kupita kukagalimoto kake osacheuka. Basi ya ku Sagara inali ya 2 koloko.

Chipinda chino n'choyera, chili ndi mkeka, mtsuko wa madzi ndi zenera loyang'ana ku Tunga. Ndayesa kalilole uja. Ndaugwira kutali, ndaupendeketsa uku ndi uku, ndikungoona chinthu chotuwa chopanda zala. Pachogwirira pakadali tsitsi lake limodzi loyera.

Shuga 168. Kutentha 98. Phazi lakumanja: kuli bwino lero. Mzere wa mawa ndausiya wosalemba.